*NKHUKU INAFIKA ITAOLA, KOMA AMAYI ANKATI TINGOKHALA CHETE*

Ndabweranso ndi zolemba zanga zazitali zija. Amene mwatopa ndi ulendo wa usiku, gonani kaye muwerenge mukadzuka, koma iyi musaidumphe. Lero sindikamba za injini kapena mtengo wa petulo. Ndikamba za nkhuku zitatu zimene zinatsala pang'ono kuwabwezera madala anga kuchipatala.

Ambiri mukudziwa kuti achemwali anga ali ku Joni, amagwira ntchito ya m'nyumba. Mukudziwanso kuti madala anadwala mwezi wathawu mpaka kugonekedwa. Munthu amene wakoka chilimira moyo wake wonse, lero kukwera pa mchenga kupita kunyumba akumapuma kawiri. Atatuluka, achemwali anati ayi, mwezi uno ndisatumize ndalama kwa amayi, chifukwa ikafika m'manja mwawo imathera ku maliro ndi kwa adzukulu, iwo n'kumadyabe usipa wa dzulo. Anati ndigule katundu yemwe, madala adyeko zosintha.

Masiku ano masitolo ena akuluakulu a m'tauni ali ndi nambala ya WhatsApp. Umatumiza mndandanda, amakuuza mtengo, umalipira pafoni, amakubweretsera mpaka pakhomo. Achemwali ananditumizira ndalama pa Mukuru, ine ndinalipira sitoloyo pa Airtel Money, ndi ya transipoti yomwe. Dzina la sitolo sinditchula, ndipo musandifunse ku inbox, chifukwa nkhani yanga si yofuna kugwetsa geni ya munthu. Tinaitanitsa mpunga, shuga, mafuta ophikira, sopo, majarini, yogati ya ana, soseji ndi nkhuku zitatu za mufiriji. Tinali titapempha kale malo mu firiji ya aneba amene amagulitsa mafirizi.

Anandiuza kuti katundu afika 10 koloko m'mawa Loweruka. Inu mukudziwa dzuwa la October kuno kwathu, lija loti ukasiya sipanala pa boti sungaigwirenso ndi dzanja. 10 koloko inakwana, zii. 1 koloko ndinaimba, akuti ali m'njira. Njinga yamoto inaima pakhomo 5 koloko itadutsa, katoni itamangidwa ndi malegeni kumbuyo, pansi pake patanyowa. Kula bokosi panalibe, ngakhale kachidutswa ka ayisi.

Nditatsegula, fungo ndi limene linayamba kundipatsa moni. Nkhuku zinali zofewa ngati sizinalowepo mufiriji, m'mapepala mwake mutadzaza madzi ofiirira. Soseji zinali zoterera. Zivindikiro za yogati zitatupa. Majarini atasanduka mafuta. Ndipo zonsezi anaziika katoni imodzi ndi sopo wochapira. Madala anangosuzumira ali pa mkeka, n'kunena kuti, "Akanakhala chambo ameneyu, ngakhale mphaka akanayamba waganiza."

Tsono mverani zimene amayi ananena, chifukwa ndi zimene zandilembetsa zonsezi. Anati, "Mwanawe, usapange phokoso. Titsuka ndi mandimu, tiwiritse kwambiri, kenako tikazinge. Mlongo wako akamva akhumudwa, wavutika nazo ndalamazi."

Amayi anga si opusa. Akulira m'nthawi yoti nyama sitayidwa, ndipo munthu wa m'sitolo yaikulu sayankhidwa. Koma ine ndinakana, ndipo ndikufuna ndikuuzeni chifukwa chake.

*Choyamba, moto suchiza chilichonse.* Nyama ya mufiriji imayenera kukhala yolimba gwa, kuzizira kwake kofika -18. Ya mufiriji wamba isapitirire madigiri 5. Pakati pa madigiri 5 ndi 60 ndi pamene tizilombo timaswana mwamsanga, ndipo a zaumoyo amati chakudya chosachedwa kuonongeka chisakhale pamtunda kupitirira maola awiri. Zathu zija zinayenda pa dzuwa masana onse. Kuwiritsa kumapha tizilombo tambiri, zoona, koma tina timakhala titasiya kale poizoni m'nyamamo, ndipo poizoni ameneyo moto sumutha. Mandimu amangobisa fungo basi, ngati kupaka penti pa thabwa lofumbwa. Mnyamata ngati ine mwina ndingatsegule m'mimba masiku awiri n'kuchira. Nanga madala amene angotuluka kumene m'chipatala? Nanga mwana wa zaka zitatu amene amadikira yogati uja? Ife a ku Mangochi tinaona ndi maso athu nthawi ya kolera ya 2022 ndi 2023 mmene kutsegula m'mimba kumamalizira munthu pa tsiku limodzi. Nkhuku yoola si kolera ayi, koma thupi likatha madzi silifunsa kuti chayambitsa n'chiyani.

*Chachiwiri, ife ndife anthu a nsomba, za kuola asatinamize.* Aliyense wa inu waonapo zimene zimachitika pa doko m'mawa. Mayi wa geni akafika sagula chambo ndi maso okha. Amatsegula m'makutu kuona ngati muli mofiira, amayang'ana diso ngati lili lowala, amadina pamimba ndi chala kuona ngati mnofu ukubwerera. Ikakhala yofewa amaiponya pambali, kapena amadula mtengo pakati, ndipo msodzi sanena kanthu ngakhale wagona panyanja usiku wonse ndi mwera. Palibe amene amati, "Pepani alovi, mwavutika, ndigula choncho." Ndiye n'chifukwa chiyani ifeyo, amene nsomba zathu zimayesedwa ndi chala tsiku lililonse, tikalandira chinthu choola chochokera m'sitolo ya magalasi timati zikomo kwambiri?

Ndipo amayi omwewo a geni amanyamula chambo chachiwisi kuchoka ku Mangochi mpaka ku Limbe, ulendo wa makilomita pafupifupi 200, n'kukafika chili bwinobwino. Chinsinsi chake n'chiyani? Ayisi, kunyamuka m'mamawa, ndi kudziwa kuti katundu wako ali ndi maola owerengeka. Ambiri a iwo sukulu sanapite nayo patali. Ngati iwo akutha, sitolo ya makompyuta ndi mamanejala ingalephere bwanji kugula kula bokosi imodzi?

Ndiye ndinatani? Mnyamata wa kabaza ndinamupempha kuti asachoke kaye. Ndinajambula zithunzi za chilichonse, iye ali pomwepo, ndi kavidiyo kakafupi ndikudina nkhuku ndi chala. Ndinajambulanso lisiti. Kenako ndinalemba pa nambala yomwe ija ndinaitanitsira katundu. Ndikuikirani uthengawo pano mwina ungakuthandizeni tsiku lina:

"Mwaswera bwanji. Ndine amene ndinalipira katundu wa pa lisiti iyi dzulo. Munati afika 10 koloko, wafika 5:20 madzulo, wopanda ayisi. Nkhuku zitatu, soseji ndi yogati zafika zitaonongeka, zithunzi ndi izi. Mpunga, shuga, mafuta ndi sopo zili bwino, ndalandira. Ndikupempha kuti mundibwezere ndalama ya zoonongekazo pa nambala yomwe ndinalipirira, kapena mubweretse zina zili mu ayisi. Zoolazi ndamupatsa wa kabaza abwere nazo. Ndidikira yankho lanu pofika Lolemba masana."

Mwaona? Palibe kutukwana, palibe "mukundidziwa ine?" Ndinanena zimene zili bwino, zimene zaonongeka, chimene ndikufuna, ndi tsiku.

Yankho loyamba linali lija mukulidziwa kale: "Katundu akatuluka m'sitolo sabwezedwa." Lachiwiri: "Vuto ndi wa kabaza, kambiranani naye." Apa ndi pamene ambiri timagonjera, timati basi zachitika, Mulungu aona. Koma amwene, mawu aja amalemba pakhoma kapena pansi pa lisiti akuti katundu wogulidwa sabwezedwa, si lamulo la dziko. Ndi mawu a mwini sitolo. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza ogula, Consumer Protection Act la 2003. Kuli bungwe la Competition and Fair Trading Commission, lija amati CFTC, limene ntchito yake ina ndi kumva madandaulo a ogula, ndipo lakhala likunena poyera kuti wogulitsa sangadzichotse pa mlandu wa katundu woonongeka pongolemba chikwangwani. Kuli Malawi Bureau of Standards, a MBS, amene chidindo chawo mumachiona pa mapaketi. Kuli CAMA, bungwe loyankhulira ogula. Ndipo ku khonsolo ya boma lililonse kuli a zaumoyo amene ali ndi mphamvu yolowa m'sitolo n'kulanda zakudya zoonongeka. Zonsezi zilipo, koma sizingadziwe za nkhuku ya amayi ako ngati iwe wangoti zii. Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko, ndipo pa nkhani iyi mwambiwu ukugwira mbali zonse ziwiri kkkk.

Ndinawayankha kuti ine ndalama sindinapereke kwa wa kabaza, ndinapereka kwa inu, ya katundu ndi ya transipoti. Wa kabaza munamusankha ndinu, katoni munalongedza ndinu. Ndinapempha kulankhula ndi manejala, ndipo ndinanena mwaulemu kuti Lolemba likadutsa nkhaniyi ndikaitula ku CFTC ndi kwa a zaumoyo.

Tsopano ndiyankhe zimene anzanga ena anandiuza pa doko, chifukwa si onse anagwirizana nane, ndipo zina mwa mfundo zawo n'zomveka.

Wina anati, "Aise, ukumupweteka mfana wa kabaza. Amudula ndalama kapena amuchotsa." Iyi inandikhudza, chifukwa theka la anyamata amene ndinaphunzira nawo ali pa kabaza. Ndinacheza naye mnyamatayo akumwa madzi. Anandiuza kuti anamuitana masana, anamupatsa makomo angapo, ndipo lathu linali lomaliza chifukwa ndi lakutali. Kula bokosi sanamupatse, ndipo sanamuuze n'komwe kuti m'katonimo muli nyama. Ndiye polankhula ndi manejala ndinanena momveka kuti ndilibe mlandu ndi mnyamatayo. Ukamadandaula, loza pamene pali vuto. Boti ikamira chifukwa mwini wake anakana kugula phula, sumenya wopalasa. Koma kukhala chete sikumuteteza wa kabaza. Mawa adzamupatsanso katoni ina yopanda ayisi, akafike nayo kwa munthu wamkwiyo, am'menye iyeyo.

Wina anati, "Magetsi akuvuta, mafuta akusowa, amvetse." Ndikumvetsa kwambiri, inenso ndimagwira ntchito m'dziko lomweli. Koma tamverani. Munthu akandibweretsera Yamaha yake kuti ikutentha, ine n'kuona kuti impela yatha, sindingabwezeretse yomweyo n'kumuuza kuti zida zakwera mtengo, amvetse. Injini ikakazima pakati pa nyanja 2 koloko usiku, muli anthu khumi m'boti, mawu oti amvetse sawabweretsa kumtunda. Ngati chida ndilibe, ndimanena kuti ndilibe. Ndipo ndikakonza injini n'kubwerera ndi vuto lomwelo, ndimaimasulanso ulere, chifukwa dzina langa pa doko ndi limene limandidyetsa. Sitolonso ngati tsiku limenelo ilibe ayisi, inene kuti lero zozizira sititumiza kutali, tengani zouma zokha. Palibe amene angakwiye ndi chilungamo chotero.

Wina anati, "Nkhuku zitatu zokha mpaka kulemba makalata? Manyazi bwanji." Manyazi a chiyani? Kuchokera pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, ndani wa ife amene amadya nkhuku osaiwerengera? Ndalama ija achemwali anaipeza akukolopa nyumba ya munthu m'dziko la eni, akukhala ndi mantha a mapepala ndi a anthu odana ndi alendo. Kuitaya ndalama imeneyo m'dzenje chifukwa choopa kuoneka wovuta, amenewo ndiye manyazi enieni. Tinaleredwa kuti munthu waulemu sadandaula. Koma ulemu ndi mmene ukulankhulira, osati kusalankhula.

Ndipo pali china chimene ndimachiganizira. Anthu ambiri amene amalandira katundu wotere ndi makolo athu, okalamba, amene ana awo ali ku Joni, ku Lilongwe kapena ku Blantyre. Wolipira ali kutali, saona. Wolandira sanalipire, ndiye amaona ngati mphatso, ndipo mphatso siyang'anidwa kawiri. Akaimba mwana kufunsa, amayankha kuti zafika bwino mwanangu, Mulungu akudalitse. Pakati pa awiriwa ndi pamene pamadutsa zinthu zoola. Ife achinyamata amene tili pakhomo, amene tili ndi mafoni ojambula, ndife maso a abale athu ali kunja.

Lolemba m'mawa manejala anaimba yekha. Anayamba ndi kufotokoza zambiri, koma zithunzi anali ataziona, ndipo nkhuku zinali zitabwerera kwa iye, anazinunkhiza yekha. Anapepesa. Masana ndalama ya nkhuku, soseji ndi yogati inalowa pafoni. Ya majarini anakana, akuti akazizira alimbanso, ndipo ine sindinalimbane nazo. Ananenanso kuti agula makula bokosi. Ngati agula kapena ayi, tidzaona, chifukwa pakamwa sipalipira msonkho. Ndalamayo tinagulira nkhuku ziwiri zachikuda zamoyo m'mudzi momwemo, madala anamwa msuzi, achemwali tinawauza zoona zonse ndipo sanakhumudwe, anangoti mwachita bwino.

Ndiye kwa amene muitanitsa katundu, kapena mukulandirira makolo, sungani izi:

1. Musanalipire funsani kuti zozizira zibwera mu chiyani, ndipo zifika nthawi yanji. Yankho likhale lolemba pa WhatsApp, osati la pakamwa.

2. Ngati muli kutali ndi tauni, itanitsani zouma: mpunga, shuga, mafuta, sopo, mkaka waufa. Nyama gulani pafupi, yoti mwaiona ndi maso.

3. Tsegulani katundu wobweretsayo asanachoke. Musachite manyazi kumuimitsa mphindi zisanu.

4. Nkhuku ya mufiriji ikhale yolimba. Ikakhala yolimba koma pansi pa pepala pali magazi oundana ambiri, mwina inasungunukapo n'kuiumitsanso. Chitini kapena yogati yotupa musatsegule n'komwe kuti mulawe. Onaninso deti.

5. Jambulani zithunzi, sungani lisiti ndi uthenga wa Airtel Money kapena Mpamba. Popanda umboni mlandu umasanduka mkangano.

6. Dandaulani tsiku lomwelo. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Mukadikira mawa adzati zaolera kwanu.

7. Yambani ndi sitolo, mwaulemu, muwapatse mpata wokonza. Kuthamangira kuwanyoza pa Facebook musanalankhule nawo kumangotseka makutu awo. Akakana, pitani kwa a zaumoyo ku khonsolo kapena ku CFTC.

8. Zoolazo musapatse ana, musagulitse kwa wina, musataye m'nyanja. Bwezani kapena kwirirani.

Koma ndisanamalize, tidziyang'anenso tokha, chifukwa sindingaloze sitolo ndi chala chimodzi zinayi zikuloza kuno. Ndi angati a ife amene tinaikapo usipa wa dzana pansi pa ndowa, wa lero pamwamba? Ndi angati amene nsomba ikayamba kufewa timaithamangitsira pa moto kuti utsi ubise, n'kuitumiza ku Lilongwe kuti akadye osatidziwa? Ndipo tonse tinamvapo za ena amene amawaza mankhwala ophera tizilombo pa nsomba zouma kuti zisafumbwe. Amene akadye nsomba imeneyo ndi mayi wa munthu, ndi mwana wa munthu, ngati mmene nkhuku ija ikanadyedwera ndi madala anga. Iye ali kutali, sangabwere pa doko kudzadandaula, monga mmene sitolo ija inkaganizira kuti ife a kunyanja sitingabwere. Paja amati nsomba ikaola imodzi zaola zonse. Wogula wa m'tauni akadwala kamodzi, sanena dzina la amene anamugulitsa, amangoti nsomba za ku Mangochi, ndipo mtengo umagwera tonse.

Ndiye ine pempho langa ndi limodzi mbali ziwiri. Ukagula chinthu choola, bweza, usaope. Ukamagulitsa, usapereke chimene sungawaphikire amayi ako.

Amayi mpaka lero akuti ndinawachititsa manyazi kwa anthu a m'tauni, koma msuzi wa yachikuda uja anamwa nawo mbale ziwiri.

Tumizani ku magulu ena, makamaka kwa abale athu ali ku Joni amene amagulira makolo katundu pafoni. Amene zinakuchitikiranipo, ndiuzeni kuti munatani. Ndipo uja wa 15 horse power amene anasiya injini yake kwathu sabata yatha, kabureta ndatsuka, bwera udzatenge, ubwere ndi yotsala ija.

Ndatha ine wanu, makaniko wa pa doko.